Nsomba zikuluzikulu za m'madzi opanda mchere

Nsomba zikuluzikulu za m'madzi opanda mchere ndi nsomba za m'mitsinje, m'madambo ndi m'nyanja za pakati pa mtunda zimene zimakula kuposa nsomba zina za m'malo oterewa. Akatswiri a zamoyo za m'madzi amaika m'gulu limeneli mtundu uliwonse umene ungathe kulemera makilogalamu 30 kapena kuposerapo. Mitundu ina imafika makilogalamu 300, ndipo ina imatalika kupitirira mamita atatu. Nsombazi zimapezeka m'makontinenti onse kupatula Antarctica, koma zambiri zili m'mitsinje ikuluikulu monga Mekong, Amazon, Congo, Nile, Yangtze, Danube ndi Mississippi.

Kuyambira kalekale anthu okhala m'mphepete mwa mitsinjeyi akhala akupha nsombazi kuti apeze ndiwo ndi ndalama. Masiku ano palinso anthu owedza ngati masewera, amene amayenda mitunda italiitali pofuna kugwira nsomba yaikulu, kuiyeza, kuijambula ndi kuibwezera m'madzi. Chiwerengero cha nsombazi chatsika kwambiri m'zaka makumi asanu zapitazi chifukwa cha usodzi wosasamala, madamu ndi kuwonongeka kwa mitsinje.

Chifukwa chake zimakula chonchi

Nsomba zambiri sizisiya kukula pa moyo wawo wonse, ngakhale kuti zikamakalamba zimakula pang'onopang'ono. Choncho nsomba imene yakhala zaka zambiri pamalo a chakudya chokwanira imatha kufika pa msinkhu waukulu. Madzi amanyamula thupi la nsomba, motero kulemera sikuivutitsa ngati mmene kumavutitsira nyama za pamtunda.

Mitsinje imene imasefukira chaka ndi chaka ndi imene imakhala ndi nsomba zazikulu zambiri. Madzi akasefukira m'nkhalango ndi m'madambo, chakudya chimachuluka ndipo tiana ta nsomba timapeza pobisala. Chilimwe chikafika, nsomba zazikulu zimathawira m'maiwe akuya a mumtsinje. Mumtsinje wa Mekong, mwachitsanzo, muli maiwe ena akuya kupitirira mamita 60.

Mitundu yambiri ya nsombazi imachedwa kukhwima. Ina imayamba kuikira mazira itakwanitsa zaka 10, ina zaka 20. Yambirinso imayenda makilomita mazanamazana kupita kumtunda kwa mtsinje kukaswana. Zinthu ziwirizi n'zimene zimachititsa kuti nsombazi zisachedwe kutha anthu akaziwonjeza kupha kapena akatseka njira yake ndi damu.

Mitundu yodziwika ku Asia

Mlamba waukulu wa mu Mekong, umene dzina lake la sayansi ndi Pangasianodon gigas, umapezeka mumtsinje wa Mekong mokha, m'mayiko a Thailand, Laos, Cambodia ndi Vietnam. Anthu a ku Thailand amautcha pla buek. Ukakula sukhala ndi mano ndipo umadya ndere ndi zomera za m'madzi. Umakula msanga, moti umatha kufika makilogalamu 150 mpaka 200 m'zaka zisanu ndi chimodzi zokha. M'chaka cha 2005 asodzi a m'boma la Chiang Khong, kumpoto kwa Thailand, anagwira mlamba wa mtunduwu wolemera makilogalamu 293 ndi wotalika mamita 2.7. Kwa zaka 17 nsomba imeneyi ndi imene inkadziwika kuti ndi yolemera kuposa zonse za m'madzi opanda mchere zimene zinayezedwapo bwinobwino.

Mbiri imeneyi inasintha mu June 2022 pamene msodzi wina wa m'chigawo cha Stung Treng ku Cambodia anakola ndi mbedza nsomba yaphanthiphanthi ya mtundu wa stingray, imene asayansi amaitcha Urogymnus polylepis. Nsombayi inali yaikazi, yolemera makilogalamu 300 ndi yotalika mamita 3.98 kuyambira kumphuno mpaka kunsonga ya mchira. Msodziyo anadziwitsa akatswiri a ntchito yotchedwa Wonders of the Mekong, amene anaiyeza, anaiika kachipangizo kosonyeza kumene ikupita, ndi kuibwezera mumtsinje ili moyo. Anthu a m'deralo anaipatsa dzina loti Boramy, kutanthauza mwezi wathunthu. Nsomba ya mtunduwu imakhala pansi pa mtsinje, pamatope ndi pamchenga, ndipo kumchira kwake kuli munga wa poizoni wotalika mpaka masentimita 38.

Mu Mekong mulinso nsomba ina yaikulu ya m'banja la carp yotchedwa Catlocarpio siamensis, imene boma la Cambodia linaisankha mu 2005 kukhala nsomba yoimira dzikolo. Kumpoto kwa Asia, m'mitsinje yozizira ya ku Mongolia ndi Siberia, kuli taimen, imene ndi yaikulu pa nsomba zonse za m'banja la salmon. Taimen imadya nsomba zinzake, mbewa ndi tiana ta mbalame za m'madzi. Ku India kuli mahseer, imene anthu owedza amaitama chifukwa cha mphamvu zake. Mu 1946 J. de Wet Van Ingen anagwira mahseer yolemera makilogalamu 54 mumtsinje wa Kabini, kummwera kwa dzikolo.

Mumtsinje wa Yangtze ku China munali nsomba ya mphuno yaitali ngati lupanga yotchedwa Psephurus gladius, imene inkatalika mamita atatu kapena kuposerapo. Damu la Gezhouba litatseka mtsinjewu mu 1981, nsombayi inalephera kufika kumene inkaswanira. Inaoneka yamoyo komaliza mu 2003, ndipo mu 2022 bungwe la IUCN linalengeza kuti mtunduwu unatheratu.

Mitundu ya ku America

Arapaima imapezeka m'chigwa cha Amazon ndi m'mitsinje ya ku Guyana. Ku Brazil amaitcha pirarucu ndipo ku Peru amaitcha paiche. Imatalika mpaka mamita atatu ndi kulemera mpaka makilogalamu 200. Imakhala m'madzi odekha amene nthawi zambiri amakhala ndi mpweya wochepa, choncho imayandama pakapita mphindi 10 mpaka 20 zilizonse kudzapuma mpweya wa kunja. Kathumba kake ka mpweya kamagwira ntchito ngati mapapo. Khalidwe limeneli ndi limene limapangitsa kuti asodzi asavutike kuilasa ndi mkondo ikangotulutsa mutu. Mamba ake ndi olimba kwambiri moti anthu amapalira zikhadabo, ndipo lilime lake, lomwe lili ndi fupa, amaliumitsa n'kumapalira zakudya.

Mu Amazon mulinso mlamba wotchedwa piraíba, umene umatha kulemera makilogalamu oposa 150. Ku North America kuli alligator gar, nsomba ya kukamwa kwakutali kokhala ndi mano ngati a ng'ona, imene imapezeka m'chigwa cha Mississippi ndi ku Texas. Mu 2011 nsomba ya mtunduwu yolemera makilogalamu 148 inakodwa mu ukonde m'nyanja ya Chotard ku Mississippi. Kwa zaka zambiri anthu ankaiona ngati nsomba yachabechabe yowononga nsomba zina, ndipo ankaipha dala. Masiku ano madera angapo a ku United States anaika malire a chiwerengero chimene munthu angaphe.

M'mitsinje ya Fraser ndi Columbia, kumadzulo kwa Canada ndi United States, muli sturgeon yoyera. Nsombayi ilibe mamba ngati a nsomba zina, koma ili ndi mizere ya mafupa m'mbali ndi pamsana. Imatha kukhala zaka zoposa 100 ndi kutalika kupitirira mamita atatu.

Mitundu ya ku Ulaya

Beluga, imene dzina lake la sayansi ndi Huso huso, ndi sturgeon yaikulu kuposa zonse. Imakhala m'nyanja za Caspian ndi Black Sea, koma imakwera mitsinje ya Volga, Ural ndi Danube kukaikira mazira. Mu 1827 kunagwidwa beluga yaikazi kumathero kwa mtsinje wa Volga imene zolembedwa zimati inali yolemera makilogalamu 1,571 ndi yotalika mamita 7.2. Popeza beluga imathera nthawi yaitali m'madzi amchere, akatswiri ambiri saiwerengera akamanena za nsomba zimene zimakhala m'madzi opanda mchere moyo wawo wonse. Mazira ake ndi amene amapangira caviar, chakudya chodula kwambiri, ndipo malonda amenewa ndi amodzi mwa zifukwa zimene zachepetsera nsombayi. Damu la ku Volgograd pamtsinje wa Volga ndi damu la Iron Gates pamtsinje wa Danube anatseka malo ambiri amene beluga inkaswanira.

Wels ndi mlamba waukulu wa ku Ulaya. Kwawo kwenikweni ndi m'chigawo cha pakati ndi cha kummawa kwa Ulaya, koma anthu anaupititsa kumitsinje ya Po ku Italy, Ebro ku Spain ndi Tarn ku France. Ku Ebro unafika mu 1974. M'mitsinje yofundayi wels amakula msanga kuposa kwawo. Mu 2023 Alessandro Biancardi wa ku Italy anagwira wels wotalika masentimita 285 mumtsinje wa Po ndipo anaubwezera m'madzi. Mumzinda wa Albi ku France asayansi anaona milambayi ikudziponya pamchenga wa m'mbali mwa mtsinje kugwira nkhunda zimene zikumwa madzi.

Mitundu ya mu Africa

Nile perch, kapena kuti Lates niloticus, ndi nsomba yaikulu pa zonse za m'madzi opanda mchere mu Africa. Imafika mamita awiri ndi makilogalamu 200. Kwawo ndi m'mitsinje ya Nile, Congo, Niger ndi Senegal, komanso m'nyanja za Albert, Turkana ndi Chad. Ku Uganda amaitcha mputa ndipo ku Tanzania amaitcha sangara. M'zaka za m'ma 1950 anthu anaiika m'nyanja ya Victoria pofuna kukweza usodzi. Pofika m'zaka za m'ma 1980 inali itachuluka kwambiri, ndipo mitundu pafupifupi 200 ya tinsomba ta m'banja la cichlid, timene tinkapezeka m'nyanjayi mokha, inasowa. Komabe nsombayi inabweretsa mafakitale otumiza minofu yake ku Ulaya, ndipo kathumba kake ka mpweya amakaumitsa ndi kukagulitsa ku China ndi Hong Kong pa mtengo wokwera. Anthu owedza ngati masewera amaisaka m'nyanja ya Nasser ku Egypt ndi kumunsi kwa mathithi a Murchison ku Uganda. Mu December 2000 William Toth anagwira Nile perch yolemera makilogalamu 104 m'nyanja ya Nasser.

Mumtsinje wa Congo muli goliath tigerfish, imene anthu olankhula Chilingala amaitcha mbenga. Imatalika mpaka mita imodzi ndi theka ndi kulemera mpaka makilogalamu 50. Ili ndi mano 32 akuthwa amene amaonekera ngakhale itatseka kukamwa. Imakonda madzi othamanga, ndipo ndi yovuta kuigwira chifukwa kukamwa kwake n'kolimba moti mbedza siilowa bwino. Mu 1988 Raymond Houtmans anagwira mbenga yolemera makilogalamu 44 pafupi ndi Kinshasa.

Zambezi, Shire ndi Nyanja ya Malawi

Imodzi mwa nsomba zazikulu kwambiri m'chigwa cha Zambezi ndi vundu, mlamba umene asayansi amautcha Heterobranchus longifilis. Vundu imafika masentimita 150 ndi makilogalamu 55. Imapezeka mu Zambezi kumunsi kwa mathithi a Victoria, m'nyanja za Kariba ndi Cahora Bassa, ndiponso kumunsi kwa mtsinje wa Shire. Imasiyana ndi mlamba wamba chifukwa pamsana pake pali zipsepse ziwiri, ndipo chakumbuyo ndi chamnofu chopanda minga. Ili ndi ndevu zazitali ndipo imakonda maiwe akuya. Imadya chilichonse chimene yapeza, monga nsomba, achule, mbalame zazing'ono ndi nyama zakufa.

Mlamba wamba, Clarias gariepinus, umene uli ponseponse m'Malawi, Zambia ndi Mozambique, nawonso uli m'gulu la nsomba zikuluzikulu. Zolembedwa zimasonyeza kuti ungafike masentimita 170 ndi makilogalamu 60, ngakhale kuti milamba yogulitsidwa m'misika imakhala yaing'ono kwambiri poyerekeza ndi pamenepa. Mlamba uli ndi chiwalo chouthandiza kupuma mpweya wa kunja, choncho umapirira m'matope madzi akamaphwa, monga zimachitikira ku Nyanja ya Chilwa ndi ku dambo la Elephant Marsh.

Tigerfish ya mu Zambezi, Hydrocynus vittatus, siifika pa msinkhu wa mbenga, koma ndi nsomba imene alendo ambiri owedza amabwerera kuchigawo chino cha Africa. Mu 2001 ku Kariba kunagwidwa tigerfish yolemera makilogalamu 16. Mpikisano wa Kariba Invitation Tiger Fish Tournament unayamba mu 1962, patangopita zaka zochepa damu la Kariba litamangidwa. M'Malawi tigerfish imapezeka kumunsi kwa Shire kokha, m'maboma a Chikwawa ndi Nsanje. Mathithi a pakati pa mtsinjewu, amene omaliza ake ndi a Kapichira, amalepheretsa nsomba za mu Zambezi kukwera kukafika ku Nyanja ya Malawi.

Nyanja ya Malawi ili ndi mitundu ya nsomba yambiri kuposa nyanja ina iliyonse pa dziko lapansi, koma yochuluka ndi ing'onoing'ono ya m'banja la cichlid, monga mbuna, utaka ndi chambo. Nsomba zake zazikulu ndi za m'gulu la milamba. Yodziwika kwambiri ndi kampango, Bagrus meridionalis, amene amapezeka m'nyanjayi, m'nyanja ya Malombe ndi kumtunda kwa Shire. Kampango amatha kupitirira mita imodzi, ngakhale kuti ambiri ogwidwa masiku ano ndi aafupi. Amasaka usiku, ndipo wamwamuna ndi wamkazi amathandizana kulondera ana awo m'chisa cha pakati pa miyala. Wamkazi amaikira mazira ena osaswa kuti anawo adye. Mu 2018 bungwe la IUCN linaika kampango m'gulu la nsomba zimene zili pachiopsezo chachikulu cha kutha. M'madzi akuya a nyanjayi mulinso milamba ya m'gulu la Bathyclarias, monga bombe ndi sapuwa, imene sipezeka kwina kulikonse. Asodzi a kunyanja amagwira nsombazi ndi matchera komanso ndi chingwe chachitali chokhala ndi mbedza zambiri, chimene amachitchera madzulo n'kukachionjola mmawa. M'Nyanja ya Malawi mulibe Nile perch, ndipo zimene zinachitika ku Victoria zimatchulidwa kawirikawiri pochenjeza za kuopsa koikamo nsomba zachilendo.

Asodzi ndi njira zawo

Anthu ogwira nsomba zikuluzikulu ali m'magulu awiri. Gulu loyamba ndi la asodzi a m'midzi ya m'mphepete mwa madzi, amene usodzi ndi ntchito yawo. Iwo amagwiritsa ntchito maukonde a maso akuluakulu, mikondo, mono ndi zingwe za mbedza. Kwa msodzi wotere nsomba imodzi yaikulu ingathe kubweretsa ndalama zimene akanazipeza m'masabata angapo. M'madera ena usodzi umenewu unali ndi miyambo yake. Ku Chiang Khong asodzi ankayamba apereka nsembe kwa mizimu ya mtsinje nyengo yogwira pla buek isanayambe, m'miyezi ya April ndi May.

Gulu lachiwiri ndi la anthu owedza ngati masewera. Iwo amagwiritsa ntchito ndodo yolimba yokhala ndi kagudumu kokulungira chingwe, chingwe cholukidwa chosaduka msanga ndi mbedza zikuluzikulu. Nsomba ikakodwa, wowedza amailola kukoka chingwe kwinaku kagudumu kakuiletsa pang'onopang'ono mpaka itatopa. Kulimbana ndi stingray kapena sturgeon yaikulu kumatha kutenga maola angapo, ndipo nthawi zina nsombayo imakoka bwato mtunda ndithu.

Nyambo imasiyana malinga ndi mtundu wa nsomba. Owedza vundu mu Zambezi ndi ku Kariba amaika chiwindi kapena mtima wa ng'ombe, nsomba yodula, ngakhalenso sopo wabuluu wochapira, ndipo amaponya nyamboyo pansi pa dziwe lakuya. Owedza tigerfish amalumikiza kawaya pakati pa chingwe ndi mbedza chifukwa mano a nsombayi amadula chingwe wamba. Owedza wels ali ndi kachipangizo kamtengo kotchedwa clonk kamene amamenya nako madzi, ndipo phokoso lake limakopa mlamba kuti ukwere kuchoka pansi. Ku Mongolia owedza taimen amapanga nyambo yabodza yooneka ngati mbewa ikusambira.

Ntchitoyi ili ndi ngozi zake. Munga wa stingray ungathe kuboola mwendo mpaka pafupa. Arapaima ikadzidzimuka imadumpha ndipo mutu wake wolimba ungathyole munthu nthiti. Mu Zambezi ndi mu Shire asodzi amakumananso ndi ng'ona ndi mvuu.

Kulemba mbiri ya nsomba zogwidwa

Bungwe la International Game Fish Association, mwachidule IGFA, linakhazikitsidwa mu 1939 ndipo likulu lake lili ku Florida m'dziko la United States. Bungweli limasunga mndandanda wa nsomba zazikulu kwambiri zogwidwa ndi ndodo ndi mbedza. Kuti nsomba ilembedwe, wowedza ayenera kulimbana nayo yekha popanda wina kugwira ndodo kapena chingwe, nsombayo iyezedwe pa sikelo yovomerezeka, pakhale zithunzi ndi mboni, ndiponso atumize gawo la chingwe chimene anagwiritsa ntchito. Nsomba zogwidwa ndi ukonde sizilowa m'ndandandawu.

Kuyeza kulemera kwa nsomba yaikulu kumafuna kuitulutsa m'madzi ndi kupita nayo kumtunda, ndipo nthawi zambiri nsombayo imafa. Pofuna kuchepetsa vutoli, mu 2011 bungweli linayambitsa mndandanda wina woona kutalika kokha, umene umafuna kuti nsomba ibwezedwe m'madzi ili moyo.

Mapulogalamu a pa TV athandiza kuti anthu ambiri azidziwe nsombazi. Jeremy Wade wa ku Britain ankaulutsa pulogalamu ya River Monsters pa Animal Planet kuyambira 2009 mpaka 2017. Zeb Hogan, katswiri wa pa yunivesite ya Nevada ku Reno, ankatsogolera pulogalamu ya Monster Fish ya National Geographic, ndipo wakhala mmodzi wa atsogoleri a ntchito ya Wonders of the Mekong.

Kugwira n'kubwezera

Owedza ambiri a masiku ano amatsata njira yogwira nsomba n'kuibwezera m'madzi. M'madera ena njirayi ndi lamulo. Kumunsi kwa mtsinje wa Fraser, kuyambira 1994, sturgeon yoyera iliyonse yogwidwa ndi owedza iyenera kubwezedwa. Owedza ndi owaperekeza kumeneko amathandiza bungwe la Fraser River Sturgeon Conservation Society kuika tizizindikiro pansi pa khungu la nsomba, ndipo zimenezi zimathandiza kudziwa kuchuluka ndi kakulidwe kake. Mu Lower Zambezi National Park ku Zambia alendo owedza amayeneranso kubwezera nsomba zimene agwira.

Kubwezera nsomba sikutanthauza kuti ipulumuka nthawi zonse. Nsomba imene yalimbana ndi chingwe nthawi yaitali imatopa kwambiri ndipo ingathe kufa patapita maola angapo, makamaka m'madzi ofunda. Kuipachika choimirira kumawononga msana ndi ziwalo za m'mimba chifukwa thupi lake linazolowera kunyamulidwa ndi madzi. Pa chifukwa chimenechi owedza amalangizidwa kugwiritsa ntchito zida zolimba kuti kulimbanako kusatenge nthawi, kusankha mbedza zozungulira zimene zimakola m'mbali mwa kukamwa m'malo momezedwa, kuijambula nsomba ili m'madzi, ndi kuigwirizira moyang'ana kumene madzi akuchokera mpaka itapezanso mphamvu.

Pali kusiyana maganizo pa njirayi. Oivomereza amati imabweretsa ndalama za alendo ndi ntchito kwa anthu a m'midzi, ndipo nsomba yamoyo imakhala ya phindu kuposa yakufa. Ku India, m'misasa ya owedza ya pamtsinje wa Cauvery, anthu ena amene kale ankapha mahseer mozemba analembedwa ntchito yoperekeza alendo ndi kulondera mtsinje. Otsutsa amati kuzunza nsomba pofuna chisangalalo chabe si chinthu chabwino. Malamulo a ku Switzerland amaletsa kuwedza ndi cholinga chodzangobwezera nsomba m'madzi. Enanso amadandaula kuti m'madera ena anthu a m'midzi amaletsedwa kupha nsomba zoti adye pamene alendo olipira ndalama amaloledwa kuwedza.

Ku Thailand kuli maiwe okumbidwa ndi anthu, monga Bungsamran ndi Gillhams, mmene amaweta pla buek, arapaima ndi nsomba zina zazikulu kuti alendo azidzawedza. Malo oterewa amachepetsa kusaka nsomba za mumtsinje, koma kusamutsa nsomba zachilendo kuli ndi kuopsa kwake. Arapaima imene inathawa m'maiwe owetera ku Peru inafalikira m'mitsinje ya kumpoto kwa Bolivia, kumene kale kunalibe.

Kuchepa kwa nsombazi

Kafukufuku amene anatsogolera akatswiri a Leibniz Institute of Freshwater Ecology and Inland Fisheries ku Berlin, ndipo anasindikizidwa mu 2019, anapeza kuti pakati pa 1970 ndi 2012 nyama zikuluzikulu za m'madzi opanda mchere zinachepa ndi 88 peresenti. Nsomba zikuluzikulu pazokha zinachepa ndi 94 peresenti.

Chifukwa choyamba ndi usodzi wopyola malire. Asodzi amayamba kupha nsomba zazikulu, zimene nthawi zambiri zimakhala zazikazi zokhwima ndi zoikira mazira ambiri. Maukonde a maso ang'onoang'ono, kuphatikizapo maneti a udzudzu, amakokolola tiana ta nsomba tisanakule. Chifukwa chachiwiri ndi madamu, amene amatseka njira za nsomba ndi kusintha nthawi imene mtsinje umasefukira. Pamtsinje wa Mekong, damu la Xayaburi ku Laos linayamba kugwira ntchito mu 2019 ndipo la Don Sahong mu 2020, ndipo onse awiri ali panjira ya nsomba zoyenda mtunda wautali. Zifukwa zina ndi kudula mitengo m'mphepete mwa mitsinje, kumene kumachititsa dothi kukwirira maiwe ndi miyala yoswanirapo, kukumba mchenga, ndi zinyalala za m'mizinda, m'migodi ndi m'minda.

Ntchito zoteteza

Pangano la mayiko la CITES limaletsa malonda a pakati pa mayiko a pla buek wogwidwa mumtsinje, ndipo kuyambira 1998 limayang'anira malonda a mitundu yonse ya sturgeon ndi mazira ake. Dipatimenti ya usodzi ya ku Thailand inayamba kuswetsa pla buek mu 1983 ndi kumathira ana ake m'madamu ndi m'mitsinje. Mu 2006 asodzi a ku Chiang Khong anagwirizana zosiya kugwira nsombayi polemekeza Mfumu Bhumibol Adulyadej, imene inali itakwanitsa zaka 60 ili pampando. Dziko la China linaletsa usodzi wamalonda mumtsinje wa Yangtze kwa zaka 10 kuyambira pa 1 January 2021.

Chitsanzo chotchuka cha ntchito yoyendetsedwa ndi asodzi eni ake ndi cha ku Mamirauá, m'chigawo cha Amazonas ku Brazil. Kumeneko asodzi ozolowera amawerenga arapaima poona ndi kumva pamene nsombazo zikuyandama kudzapuma. Asayansi atayerekeza kawerengedwe kameneka ndi njira zawo, anapeza kuti n'kolondola. Kuyambira 1999 midzi ya kumeneko imalondera nyanja zake, imawerenga nsomba chaka chilichonse, ndipo boma limailola kupha gawo losapitirira 30 peresenti ya nsomba zokhwima, zosachepera masentimita 150 kutalika. M'dera la Jarauá, kumene ntchitoyi inayambira, arapaima zinachuluka kuchoka pa 2,200 mu 1999 kufika pa zoposa 20,000 mu 2006, ndipo njirayi inafalikira m'madera ena ambiri a Amazon.

M'Malawi lamulo la Fisheries Conservation and Management Act la 1997 linapereka mwayi woti anthu a m'midzi atenge nawo mbali poyang'anira usodzi kudzera m'makomiti a m'madoko. Makomitiwa amathandiza boma kuonetsetsa kuti asodzi akutsata nyengo yotseka usodzi ndiponso sakugwiritsa ntchito maukonde oletsedwa.